Mankhwala a Ciwau ndi Madzi a m'Citsime

Pa misika ya Nsanama, Ntaja, Liwonde ndi Balaka pagulitsidwa ufa wacikasu umene alimi auchula dzina lakuti Dithane. Ufa umenewu ndiwo mankhwala ochinjiriza mbeu ku nthenda ya ciwau. Alimi a mbatata ya kacewere ku mapiri a Ntcheu ndi Dedza aupopera m'minda yao nyengo ya dzinja, ndipo alimi a matimati aupopera m'madimba a Machinga ndi Balaka mvula itatha. Palibe munthu wanzeru amene angakane kuti mankhwalawa apulumutsa mbeu zambiri. Koma pali funso limodzi limene ogulitsa saliyankha, ogula salifunsa, ndipo akuru a midzi sanaliweruze: kodi ufa umene utsika pa tsamba, ndi umene utsukidwa m'sipuleya, umka kuti?

Umka pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pamene pali madzi amene mudzi wonse umwa. Mlimi ali nao ufulu pa munda wace, koma alibe ufulu pa madzi okhala pansi pa mundawo, pakuti madzi amenewo ndi a mudzi wonse, ndi a ana amene asanabadwe. Munthu wosungunula mankhwala pakamwa pa citsime, kapena wotsukirapo sipuleya, apalamula mlandu wofanana ndi wa iye wokumba cimbudzi pafupi ndi mjigo, ndipo ayenera kuletsedwa monga momwe aletsedwera mnzaceyo.

Ciwau ndi Mbiri Yace

Kacewere si mbeu ya makolo a dziko lino. Kwao kweni-kweni ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo atafika kuno anakonda malo ozizira monga Dedza, Ntcheu, Neno ndi Ntchisi. Ku Nsanama nkotentha, ndipo anthu a kumeneko adalira cimanga, cinangwa, nandolo ndi mpunga. Kacewere wambiri wokazingidwa pa ziwaya za pamsika atsika kucokera ku mapiri, ku malo onga Tsangano, Lizulu ndi Bembeke. Koma kacewere ndi matimati ndi pacibale, nthenda yao ndi imodzi, ndi mankhwala ao ndi amodzi. Cifukwa cace mlandu wa mlimi wa ku Tsangano ndi wa mlimi wa m'dimba la ku Nsanama suli wosiyana.

Ciwau cibwera ndi kacirombo kofanana ndi cuku, kosaoneka ndi maso, kamene ophunzira akachula Phytophthora infestans. Mbeu zace ziuluka ndi mphepo, ndipo zikagwa pa tsamba lonyowa zimera nizilowa m'kati. Tsamba licita mawanga akuda monga lowauka ndi moto, ndipo pa nyengo ya nkhungu, ya mvula yamawawa kapena ya ciperoni, munda wonse ukhoza kupserera masabata awiri asanathe. M'caka ca 1845 nthenda imeneyi inagwa m'dziko la Ireland, kumene osauka anali kudalira kacewere monga anthu a kuno adalira cimanga. M'zaka zocepa zotsatira anthu ngati 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ocuruka cotero anathawira ku maiko ena.

Tsono mlimi woopa ciwau si wopusa iai. Ndipo anthu ophunzira sanalakwe pofuna mankhwala. M'caka ca 1885 Mfalansa wina dzina lace Millardet analengeza msanganizo wa mcere wa mkuwa ndi laimu wochinjiriza mpesa, ndipo posacedwa alimi a kacewere anaugwiritsanso nchito. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 kunaturuka mancozeb, ndiwo mankhwala okhala m'paketi ya Dithane. Pambuyo pace kunadza chlorothalonil, wogulitsidwa ndi maina onga Daconil ndi Bravo, ndiponso metalaxyl, amene asanganizidwa ndi mancozeb m'paketi ya Ridomil. Maina awa ngobvuta kuchula, koma mlimi ayenera kuwadziwa, pakuti munthu sasunga mlendo m'nyumba osadziwa dzina lace ndi makhalidwe ace.

Bodza Lakuti Nthaka Isefa Zonse

Ambiri akafunsidwa ayankha kuti, "Nthaka idya zonse. Cimene cagwa pansi catha." Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono, ndipo ncifukwa cace anyenga anthu ambiri.

Mvula ikagwa, madzi ena athamangira ku mtsinje, ndipo ena alowa pansi nakhala pakati pa mcenga ndi m'ming'alu ya miyala, monga madzi akhalira m'thonje lonyowa. Madzi amenewo sakhala cete. Ayenda pang'ono-pang'ono kutsikira ku dambo, osadziwa malire a minda. Citsime sindico mtsuko wosunga madzi ace-ace. Ndi dzenje cabe loboola m'madzi oyenda pansi pa minda ndi nyumba za anthu ambiri. M'dimba madzi amenewa ali pafupi ndithu, kotero kuti munthu akakumba kufikira m'ciuno, kapena kupitirira mutu wace pang'ono, awapeza. Pakati pa bedi la matimati ndi madzi akumwa pali dothi locepa lokhalo.

Nzoona kuti mancozeb amamatira ku dothi, naonongeka m'masiku owerengeka. Koma pakuonongeka abala cinthu cina cochedwa ETU, ndipo mwana ameneyu safanana ndi kholo lace. Iye asungunuka m'madzi monga mcere, ndipo sagwira ku dothi, koma atsika pamodzi ndi madzi. M'dothi la pamwamba, momwe muli mpweya ndi tizirombo tabwino toola zinyalala, ETU nayenso atha m'masiku kapena m'masabata. Koma pamene mankhwala atayidwa ambiri pa malo amodzi, pamene dothi liri la mcenga, ndi pamene madzi ali pafupi, iye afika ku madzi asanathe. Ndipo pansi pamenepo, popanda mpweya wokwanira ndi tizirombo tija, acedwa kuonongeka. Ophunzira atampatsa makoswe anapeza kuti asokoneza cithokomiro, ndico ciwalo ca pakhosi cimene cilongosola makulidwe a thupi, kuti abala zotupa m'menemo, ndi kuti apundula ana ali m'mimba. Bungwe loyang'anira za cilengedwe la boma la America limuwerengera pamodzi ndi zinthu zokhoza kuyambitsa khansa mwa munthu.

Ana a chlorothalonil ngouma mutu koposa, pakuti ena a iwo akhala m'madzi a pansi zaka ndi zaka. Metalaxyl nayenso sagwira kwambiri ku dothi, ndipo apezeka m'zitsime za maiko ambiri. Cotero nthaka isefa zina, koma sisefa zonse, ndipo zimene iphonya zitsata njira ya madzi. Akuru anati madzi saiwala khwawa.

Caona Mnzako Capita

Zimenezi si zongoopsa anthu, pakuti zacitika kale kwa ena. Dziko la Switzerland lichuka ndi madzi okoma a m'mapiri. Koma m'caka ca 2019 oyesa madzi anapeza zotsala za chlorothalonil m'madzi a pansi m'zigawo zambiri za ulimi, patatha zaka makumi angapo alimi akupopera mankhwalawo pa tirigu, kacewere ndi ndiwo zamasamba. Boma linaletsa mankhwalawo kuyambira pa 1 January 2020, ndipo midzi ina inatseka zitsime zace nifuna madzi kwina. Maiko a European Union anacotsa cilolezo ca chlorothalonil m'caka comweco ca 2019, ndipo cimodzi ca zifukwa zao cinali madzi a pansi. M'December 2020 anakananso kuonjezera cilolezo ca mancozeb, akatswiri ao atapeza kuti asokoneza cithokomiro. Opanga mankhwalawo anakatsutsa ciweruzoci ku mabwalo a milandu, koma zimene zinaoneka m'matupi a makoswe aja palibe bwalo lingazifafanize.

Nkhani yoyenera kuitsata koposa ndi ya ku Costa Rica, dziko laling'ono la ku Central America. Kumeneko kuli mudzi wochedwa Cipreses, m'cigawo ca Cartago, m'mbali mwa phiri la Irazú. Anthu ace ndi alimi a kacewere, karoti ndi kabici, monga a ku mapiri a Ntcheu, ndipo amwa madzi a akasupe oturuka pakati pa minda. Madziwo atayesedwa anapezeka ndi zotsala za chlorothalonil. M'caka ca 2022 boma linauza anthu kuti asamwe madzi a m'mipope yao kapena kuphikira, ndipo madzi akumwa anayamba kubwera pa magalimoto. Kumapeto kwa 2023 dzikolo linaletsa mankhwalawo. Koma lamulo silitsuka kasupe. Mlimi aleka kupopera tsiku limodzi, pamene zimene zinalowa pansi zituruka pang'ono-pang'ono kwa zaka.

Ku Ulaya lamulo linena kuti mankhwala a mbeu asapitirire 0.1 maikurogalamu m'lita imodzi ya madzi akumwa. Tanthauzo lace ndi ili: galamu imodzi yokha, yosadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, ikwanira kufikitsa malita 10,000,000 pa malire amenewo, ndiwo madzi a ndowa 500,000 za malita 20. Muyeso umenewu sunena kuti womwa madzi otere agwa pomwepo. Unaikidwa pansi dala, kuti mankhwala a m'munda asazolowere kupezeka m'cikho ca munthu. Tsono wowerenga alingalire yekha za mlimi wokhuthula theka la sipuleya m'mbali mwa citsime cimene madzi ace sadzaza ngakhale migolo makumi awiri.

Anthu a ku Switzerland anali nazo ndarama zokumbira zitsime zina, ndipo a ku Cipreses anatumiziridwa magalimoto a madzi. Kodi mudzi wa kwa Nsanama citsime cace cikaipa, galimoto lotani lidzabwera tsiku ndi tsiku? Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Bodza Lakuti Madzi Oyera Ndiwo Abwino

Ena anena kuti, "Madzi athu ngoyera, alibe pfungo, ndipo tiwathira klorini." Anthu a ku Machinga ndi Balaka adziwa bwino za klorini, pakuti mliri waukuru wa kolera unayamba pakati pao. Wodwala woyamba anapezeka pa cipatala ca boma la Machinga m'March 2022, ndipo nthendayo inafalikira m'maboma onse a dziko lino, nipha anthu oposa 1,700. Pa nthawi imeneyo anthu anaphunzira kuwiritsa madzi, kuthira klorini ndi kusamba m'manja, ndipo anacita bwino.

Koma kolera ndi mdani wobwera ndi mapfuu. Munthu amwa lero, mawa atsegula m'mimba, ndipo mudzi wonse udziwa citsime coipa. Mankhwala a mbeu ndi mdani wobwera mwakacetecete. M'madzi alibe mtundu, alibe pfungo, ndipo sawawa pa lilime. Moto ndi klorini zipha tizirombo tamoyo, koma ululu wosungunuka suli wamoyo kuti uphedwe, ndipo madzi akaphwera mu mphika iwo utsala momwemo. Kuyesa madzi pofuna ululu wotere kufuna makina a mtengo wapatali, amene sapezeka pa mudzi kapena pa cipatala cacing'ono. Cotero mudzi ukhoza kumwa zaka zambiri osadziwa, ndipo wodwala akapezeka palibe amene adzaloza cala ku citsime. Adzaloza nkhalamba ya pa mudzi, naiyesa mfiti.

Cifukwa cace mau akuti "palibe amene anafa nao" alibe mphamvu. Ciswe cidya mzati nyumba iri ciimire, ndipo mwini nyumba wodikira kuti denga ligwe kuti akhulupirire, adzakhulupirira ali pansi pa denga.

Pamene Ngozi Ikulira

Akatswiri a ku Ulaya atafufuza anapeza kuti gawo lalikuru la mankhwala opezeka m'mitsinje silicokera pa masamba opoperedwa, koma pa malo amene alimi athirira ndi kutsukira zopopera zao. Cifukwa cace ncoonekeratu. Ufa womwazika pa munda wonse ukumana ndi dzuwa, mpweya ndi dothi lambiri; ufa wotayika pa malo amodzi upyola dothi monga madzi apyola denga lothyoka. M'madimba a kuno muli macitidwe anai amene atsegula njira imeneyi.

Loyamba ndi kusungunulira mankhwala pakamwa pa citsime. Mlimi safuna kusenza madzi, cotero atengera sipuleya ndi paketi ku citsime. Ufa wina uuluka ndi mphepo, wina utayika, ndipo ndowa yomwe abvundulira mankhwala ndiyo aiponyanso m'madzi. Madzulo ace mkazi wopalira m'dimba lapafupi atunga pomwepo, nampatsa mwana wa kumbuyo.

Laciwiri ndi kutsukira sipuleya pa citsime, pa mtsinje kapena pa ngalande ya mjigo, ndi kukhuthula zotsala pomwepo. Zobvala za wopopera zicapidwanso pa mwala womwewo umene acapira matewera.

Lacitatu ndi kutaya mapaketi ndi mabotolo m'dimba. Paketi yooneka yopanda kanthu iri ndi ufa m'makona mwace. Boma la Machinga linaona madzi osefukira m'January 2015, m'March 2019, ndiponso m'March 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Madzi otere akadza asesa zonse za m'dimba nazitsanulira m'zitsime zosabvundikira. Ndipo alipo ena amene atsuka botolo la mankhwala kamodzi, nasungiramo mcere, mafuta ophikira kapena madzi a mwana wa sukulu.

Lacinai ndi kupopera mopitirira. Wina aonjeza muyeso, nati mankhwala akhale ndi mphamvu. Wina apopera mitambo itakuta kale, ndipo mvula itsukira ndarama zace pansi. Wina apopera Dithane pa mbeu zofota ndi nthenda ya m'mizu, imene mankhwalawa saiciza konse, kapena pa kambozi koboola masamba ndi zipatso za matimati, kamene sikafa nao. Mancozeb ali ngati cikopa cobvundikira tsamba lamoyo kuti nthenda isalowe. Saukitsa tsamba lakufa. Mlimi wosafunsa mlangizi ataya ndarama, nataya mbeu, naipitsa madzi, zonse zitatu tsiku limodzi. Safunsa anadya phula.

Mlandu wa Ogulitsa ndi wa Boma

Si cilungamo kusenzetsa mlimi yekha katundu yense. M'caka ca 2000 dziko lino linaika lamulo la mankhwala a mbeu, ndipo linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene liri ku Bvumbwe. Lamulolo lifuna kuti mankhwala ali onse alembedwe m'kaundula asanagulitsidwe, kuti wogulitsa akhale ndi cilolezo, ndi kuti paketi ikhale ndi malemba onena dzina, muyeso ndi cenjezo. Liriponso lamulo la madzi la caka ca 2013, loletsa kuipitsa madzi a pamtunda ndi a pansi.

Koma pa tsiku la msika munthu apeza mnyamata atayala thumba pansi, ali kuyeza ufa ndi supuni m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina, pafupi ndi wogulitsa usipa ndi zitumbuwa. Wogulayo sadziwa ngati ufawo ndi weni-weni, ngati unatha mphamvu, kapena ngati unasanganizidwa ndi zina. Sadziwa muyeso wace, ndipo sadziwa masiku oyenera kudikira asanathyole matimati. Wogulitsa wotere alandira phindu lero, ndipo cotsala acisiyira mudzi. Iye sagulitsa mankhwala okha. Agulitsa umbuli pamodzi ndi mankhwala.

Lamulo lokhala m'kabati ku ofesi silichinjiriza citsime. Oyang'anira mankhwala ayenera kuoneka pa misika ya kumidzi, osati m'masitolo a Blantyre ndi Lilongwe mokha. Cenjezo la pa paketi liyenera kukhala m'cinenero cimene mlimi awerenga, ndi m'malemba akuru. Ndipo a za madzi ayenera kutenga madzi a zitsime za m'madimba ndi a m'mijigo yoyandikana nao caka ndi caka, kukawayesa, ndi kubwera kudzauza anthu pa bwalo zimene apeza. Boma lolimbikitsa ulimi wothirira liyeneranso kusamala madzi amene ulimiwo uima pamwamba pace.

Kuyankha Otsutsa

Alipo amene adzati, "Azungu aja apopera ndi makina pa minda yaikuru, koma ife tiyeza ndi supuni. Ngozi yao si yathu." Nzoona kuti mlimi wa kuno athira mankhwala ocepa. Koma Mzungu samwa madzi a dzenje la m'munda mwace. Madzi ace ayesedwa kawiri-kawiri, ndipo ncifukwa cace anadziwa msanga. Citsime ca m'dimba ciri pafupi ndi bedi, ncosaya, ncosabvundikira, ndipo palibe amene aciyesa. Ndiponso dimba siliri limodzi. Dambo lonse ligawidwa timinda-timinda, ndipo mlimi ali yense ali ndi supuni yace.

Ena adzati, "Tikaleka kupopera, tidzadya ciani? Fizi ya sukulu icokera m'matimati." Funso limeneli nlolemera, ndipo wokhuta yekha angaliseke. Koma palibe amene anena kuti mlimi aleke mbeu zace zipserere. Walira mvula walira matope. Koma munthu wanzeru salowa nao matopewo m'nyumba. Kusenza ndowa ziwiri kucokera pa citsime kumka nazo pakati pa munda sikulira tambala imodzi. Ndipo wosauka ndiye ayenera kusamala koposa, pakuti wolemera agula madzi a m'botolo napita ku cipatala colipira, pamene wosauka ali ndi citsime cimodzi ndi thupi limodzi.

Ndiponso ziripo njira zocepetsa mankhwala, zimene zisungira mlimi ndarama. Ciwau cikonda tsamba lonyowa. Cotero wothirira athire pa tsinde, m'mawa, osati pamwamba pa masamba madzulo. Abzale motalikitsa kuti mphepo ipite, aimike matimati pa timitengo, nasadze masamba a pansi. Tsinde lodwala alizule msanga nalikwirire kutali. Asabzale matimati kapena kacewere pa malo amodzi caka ndi caka, koma asinthanitse ndi cimanga kapena nyemba. Wa kacewere afune mbeu yabwino, akweze mizere kuti nthenda isatsikire ku mbatata, ndipo adule masamba masabata awiri asanakumbe. M'caka ca 2011 a za kafukufuku a boma, pogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anaturutsa mitundu yatsopano ya kacewere monga Chuma, Thandizo, Zikomo ndi Mwai, yosankhidwa cifukwa ca kubereka ndi kupirira matenda. Mbeu yopirira sifuna kupoperedwa kawiri-kawiri.

Wodalira mankhwala okha akumbukire cimene cinaoneka ku Ireland ndi ku Netherlands m'caka ca 1980. Alimi anakonda metalaxyl nampopera yekha-yekha, ndipo patapita nyengo zocepa ciwau cinamzolowera, nicipsereza minda yopoperedwa. Mankhwala ocuruka sabala mbeu zocuruka nthawi zonse. Nthawi zina abala nthenda yosamva mankhwala.

Nchito ya Mafumu

Bvumbwe nkutali, koma nyakwawa ali pafupi. Iye ndiye agawa malo a m'dambo, ndipo iye ndiye aweruza ng'ombe zikadya mbeu za mwini. Midzi yambiri iri kale ndi malamulo a pa mjigo: kuti pasacapidwe zobvala, kuti mbuzi zisafike, kuti cimbudzi cikumbidwe kutali mamita 30. Malamulo amenewa anthu awasunga, cifukwa anapangana pa bwalo, ndipo wolakwa alipa. Cosowa ndi kuonjezapo mau a mankhwala a mbeu, ndipo mau ace ndi awa.

Munthu asasungunule mankhwala kapena kutsuka sipuleya pafupi ndi citsime, mjigo, kasupe kapena mtsinje. Atunge madzi ndi ndowa yoyera, napite nao kutali mamita 30 kapena kuposapo. Ndowa ya mankhwala ikhale yace-yace, yosalowa m'citsime. Madzi otsukira sipuleya awapopere pa mbeu zomwezo, osawakhuthula pa malo amodzi. Botolo lotha alitsuke katatu, nathire madziwo m'sipuleya, naliboole kuti wina asasungiremo kanthu. Mabotolo ndi mapaketi otere asungidwe pa malo ouma, kutali ndi ana ndi madzi, kufikira mlangizi atanena kokawapereka. Citsime cakumwa cikhale cosiyana ndi cothirira, cikhale kumtunda kwa mabedi, comangidwa mkombero ndi cobvundikira. Ndipo wogulitsa ufa wopanda dzina asapatsidwe malo pa msika.

Mau amenewa anenedwe pa bwalo la mfumu, m'sukulu ya kwaca, mu mzikiti ndi m'chalichi, pakuti Msilamu ndi Mkristu atunga pa mjigo umodzi. Akazi, amene asenza madzi ndi kulera odwala, akhale ndi mau oyamba pa mlanduwu, ndipo komiti ya mjigo ipatsidwe mphamvu yoitanira wolakwa kwa nyakwawa, angakhale ndi mlamu wa nyakwawayo.

Mafumu a ku mapiri nao asayese kuti nkhaniyi ndi ya ku cigwa kokha. Mtsinje wa Rivirivi ucokera ku mapiri a Ntcheu, nupita m'boma la Balaka, nuthira mu Shire. Cimene citayidwa kumtunda cimwedwa kunsi. Ndipo nyanja ya Chilwa, imene ilandira mitsinje ina ya Machinga, iribe mtsinje woturukamo. Cimene calowa m'menemo ciribe njira yopitirira ku nyanja ya mcere.

Anthu a zigawo zino adziwa kusowa kwa madzi. Anaona nyanja ya Chilwa itauma m'caka ca 1968 ndi ca 1995, ndipo a ku Balaka anaona mipope yao iri gwa m'caka ca 2018, pamene damu la Mpira linaphwa, akazi nalawira usiku kukafuna madzi. Koma madzi ophwa ndi cirala abwera ndi mvula. Citsime coipitsidwa ndi ululu mvula siciciza msanga, pakuti mvula yomweyo ndiyo itsitsa ululu wotsala m'dothi. Munda wopserera ndi ciwau ubzalidwanso caka camawa. Citsime coipa cikwiriridwa, ndipo ana ayenda ulendo wautali ndi ndowa pamutu cifukwa ca munthu mmodzi amene anakana kusenza ndowa ziwiri. Nyakwawa wodikira kuti aone wodwala asanaike lamulo adzaliika mocedwa. Aliike tsopano, madzi akali abwino.